Machubu otengera magazi: mankhwala ali mkatimo ndi zimene amachita

Wodwala akaona namwino akuyala machubu anayi pa thireyi, china cha chotsekera cha pepo, china chachikasu, china cha buluu, china chotuwa, amafunsa kuti: "Kodi magazi anga si amodzi omwewo? Nanga timabotolo tonseti n'tachiyani?" Funsoli n'lomveka ndipo liyenera kuyankhidwa mofatsa, makamaka kuno kum'mwera kumene mphekesera za anamapopa zinasokoneza anthu mu 2017. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi okwana malita pafupifupi 5. Machubu anayiwo akadzadza onse sapitirira mamililita 20, omwe ndi masipuni a tiyi anayi basi. Magaziwo ndi amodzidi, koma machubuwo ndi osiyana, chifukwa m'chubu chilichonse muli mankhwala akeake amene amayamba kugwira ntchito magazi akangolowa. Ntchito yoyeza imayambira pomwepo pambali pa bedi. Makina a ku labu, kaya ndi a ku Gulupu kapena a ku chipatala cha ku Ndirande, amangowerenga zimene awapatsa. Sadziwa ngati chubucho chinadzadza bwino, ngati chinasakanizidwa, kapena ngati chinatandala padzuwa.

Machubu amakonowa amachoka ku fakitale atachotsedwa mpweya wina mkati. Singano ikaboola labala wa pachotsekera, chubu chimakoka chokha magazi a mlingo umene chinapangidwira, kaya mamililita 2, 2.7, 4 kapena 5, kenako n'kusiya. Njirayi anaiyambitsa Joseph Kleiner mu 1947, ndipo kampani ya Becton Dickinson inaitchula kuti Vacutainer, dzina limene ambiri amatchulira chubu chilichonse cha mtunduwu. Chofunika kumvetsa n'chakuti mankhwala a mkatimo anayezedwa molingana ndi magazi amene chubu chikuyenera kukoka. Chikadzadza theka, ndiye kuti mililita iliyonse ya magazi yalandira mankhwala owirikiza kawiri.

Mphamvu yokokayi imachepa pazifukwa zingapo. Machubu apulasitiki amalowetsa mpweya pang'onopang'ono akamakalamba, n'chifukwa chake tsiku lothera mphamvu lolembedwa pachubu si lonyozera. Kutentha nakonso kumawononga. Opanga amati machubu asungidwe pa madigiri 4 mpaka 25, koma katoni yokhala pafupi ndi zenera mu Okutobala ndi Novembala imapitirira pamenepo kutali. Komanso Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kumtunda mpweya umapanikiza mocheperapo, motero chubu chimatha kukoka magazi ochepa pang'ono kusiyana ndi momwe chingakokere ku Beira. Chifukwa chimodzi pachokha sichivuta kwenikweni. Koma chubu chotsala pang'ono kutha mphamvu, chosungidwa motentha, chogwiritsidwa ntchito kuno kumtunda, chimaima chisanafike pamzere.

Magazi akatuluka m'thupi amaundana. Kuti aundane pamafunika kashiyamu, komanso puloteni yotchedwa thrombin imene imasandutsa puloteni ina, fibrinogen, kukhala timaulusi ta fibrin tomwe timakola maselo ngati ukonde. Machubu onse amagawika potengera zimenezi. Ena amalola magazi kuundana, ndipo madzi achikasu otsala pamwamba ndiwo seramu. Ena amaletsa kuundana, ndipo magaziwo amayezedwa athunthu kapena amazunguzidwa pa sentirifuji, makina ozungulitsa machubu mwamphamvu, kuti papezeke pulazima. Seramu ndi pulazima zimaoneka zofanana m'maso, koma mu pulazima fibrinogen akadalimo pamene mu seramu anathera m'chibuluma cha magazi oundana aja.

Chubu cha pepo

Ichi ndi chimene chimatengedwa kwambiri: full blood count (kuwerenga maselo a m'magazi), CD4, HbA1c (ya matenda a shuga), viral load, filimu ya malungo (magazi opakidwa pagalasi kuti aonedwe pa maikulosikopu), kuyeza sickle cell, zonsezi zimadalira chubu chimenechi. Muli EDTA, kawirikawiri mamiligalamu 1.8 pa mililita imodzi ya magazi, yopoperedwa m'mbali mwa chubu n'kuuma. Mukachiyang'ana poyera muona timadontho toyera ngati nthunzi. EDTA imagwira kashiyamu mwamphamvu osamusiyanso, ndipo popanda kashiyamu magazi sangaundane. Ubwino wake ndi wakuti imasunga maonekedwe a maselo bwino kuposa mankhwala ena onse oletsa kuundana.

Popeza mankhwalawo ndi ouma ndipo ali m'mbali, magazi sakumana nawo okha. Chubu chiyenera kutembenuzidwa ka 8 mpaka ka 10 nthawi yomweyo chikangochoka pa singano. Kutembenuza kamodzi ndi kuchizondotsa n'kuchibweza, mofatsa, kathovu ka mpweya kayende kuchoka kumapeto kuno kufika uko. Osachikhutchumula ngati botolo la mankhwala a chifuwa, chifukwa kutero kumaswa maselo ofiira. Chubu chikaikidwa pa thireyi osatembenuzidwa, wotengayo n'kumamata thonje kaye, mkati mumapangika timibulu ting'onoting'ono tosaoneka. Timibuluto timameza mapulateleti, timaselo tothandiza magazi kuundana, ndiye makina amalemba mapulateleti ochepa kwa munthu amene ali nawo okwanira, nthawi zina n'kutsekeka kumene. Kuvuula chibulumacho ndi kamtengo n'kuyeza zotsalazo n'kulakwa kwakukulu, chifukwa maselo apita nacho. Chubu cha pepo chokhala ndi magazi oundana chimatayidwa, n'kutenga ena.

Vuto lofala kwambiri ndi la kusadzadza. Theka la mililita m'chubu cha mamililita 4 limakumana ndi EDTA yochuluka ka 8. EDTA ndi mchere, ndipo mchere wochulukawo umakoka madzi m'maselo ofiira, maselo n'kufota n'kuchita minga m'mbali, hematokiriti (gawo la magazi limene ndi maselo ofiira) yoyeza pozunguza n'kutsika, ndipo filimu imavuta kuwerenga. Mtsempha ukakhala wovuta kapena wodwala akakhala mwana, ndi bwino kusankha chubu chaching'ono poyamba pomwe.

Pali anthu ena ochepa amene mapulateleti awo amaunjikana akakumana ndi EDTA, ngakhale zonse zitachitidwa bwino. Makina amapereka nambala yotsika yochititsa mantha, koma munthuyo sakutaya magazi paliponse ndipo alibe timadontho pakhungu. Pa maikulosikopu, kumapeto kwa filimu kumaoneka milumilu ya mapulateleti. Zikatero magazi amatengedwanso m'chubu cha buluu, ndipo nambala yotulukayo imachulukitsidwa ndi 1.1 pobwezera madzi a citrate, mankhwala a m'chubu cha buluucho, amene anasungunula magaziwo.

Ngozi yaikulu ya EDTA imabwera ikalowa kumene siikufunika. EDTA ya m'machubu imabwera ndi potaziyamu, ndicho chifukwa pachubu pamalembedwa K2 kapena K3. Tiyerekeze chubu chachikasu chapereweredwa, munthu n'kutsegula cha pepo n'kutsanulirako pang'ono kuti chikwane. Zotsatira zibwera zoti potaziyamu ndi 8 kapena 9 mmol/L, pamene woyenera ndi 3.5 mpaka 5.0, kashiyamu watsika pansi pa 1 pamene woyenera ndi 2.1 mpaka 2.6, ndipo enzayimu ya ALP yagwa chifukwa EDTA yagwiranso zinki ndi maginiziyamu zimene imadalira. Chonsecho wodwalayo wakhala tsonga pabedi akumwa phala lake bwinobwino. Amene wazolowera amazindikira msanga kuti potaziyamu wokwera chonchi pamodzi ndi kashiyamu wotsika chonchi ndi fungo la EDTA. Amene sanazolowere akhoza kuthamangira insulini ndi dextrose kuti atsitse potaziyamu yemwe sanakwere n'komwe, n'kumuika wodwala pachiswe. Magazi sasamutsidwa kuchoka m'chubu china kupita m'china, ngakhale dontho limodzi.

Chubu cha buluu ndi mzere wake

Ichi n'cha zoyeza kaundanidwe ka magazi: PT, INR, aPTT, fibrinogen ndi D-dimer. Muli sodium citrate wamadzi wa 3.2%. Nayenso amagwira kashiyamu, koma mosamangitsa, kotero ku labu amathiramo kashiyamu woyezedwa bwino n'kuwerenga masekondi amene magazi atenge kuti aundane. Zonse zagona pa muyezo wa magawo 9 a magazi pa gawo limodzi la citrate, mwachitsanzo mamililita 2.7 a magazi pa 0.3 ya mankhwala. Chubu chikaperewera, citrate wotsala amameza kashiyamu amene labu yathira, magazi amachedwa kuundana, INR n'kuoneka yokwera. Ganizirani mayi amene akumwa warfarin, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, chifukwa cha vavu ya mtima kapena magazi oundana m'mwendo. Dokotala akaona INR yokwera amachepetsa mankhwala, ndipo mayiyo amabwerera kwawo ku Bangwe magazi ake ali osatetezedwa mokwanira. N'chifukwa chake labu imabweza chubu cha buluu chimene sichinafike magawo 90 pa 100 a mlingo wake, ndipo imachita bwino kutero, ngakhale kuwodi kukhale kudandaula.

Kuphatikiza machubu awiri a buluu odzadza theka kuti mzere ukwane kumabisa vutolo koma sikulichotsa, chifukwa citrate amakhala wa machubu awiri. Singano ya gulugufe, ija ya timapiko ndi kapaipi, ilinso ndi msampha wake. M'kapaipimo muli mpweya wokwana pafupifupi theka la mililita, ndipo chubu choyamba chimakoka mpweyawo m'malo mwa magazi. Ngati cha buluu ndicho choyamba, yambani mwalumikiza chubu china cha buluu kapena chopanda mankhwala mpaka magazi adzadze kapaipiko, muchitaye, kenako ikani chenichenicho. Cha buluu chimatembenuzidwa ka 3 kapena ka 4 kokha, chifukwa kupitiriza kumadzutsa mapulateleti. Chisalowe mufiriji chisanazunguzidwe. aPTT iyezedwe pasanathe maola 4, pamene PT imapirira mpaka maola 24.

Pali chinthu china chimene chimaiwalika kawirikawiri. Citrate amasakanikirana ndi pulazima yokha, salowa m'maselo. Munthu wa hematokiriti yoposa 55%, monga makanda ena obadwa kumene ndi ana a matenda a mtima obadwa nawo amene amadetsa milomo, ali ndi pulazima yochepa, motero chubu chodzadza bwino chimakhalabe ndi citrate wopitirira. Mlingo woyenera umapezeka pochotsa hematokiriti pa 100, kuchulukitsa ndi mamililita a magazi, kenako kuchulukitsa ndi 0.00185. Pa hematokiriti ya 65 ndi magazi a mamililita 2.7, citrate wofunika ndi pafupifupi 0.17, osati 0.3. Chubu choterechi amakonza ndi a ku labu, choncho auzeni magazi asanatengedwe.

Chubu cha chotsekera chakuda cha ESR (kuyeza liwiro limene maselo ofiira amatsikira pansi) chilinso ndi citrate, koma pa muyezo wa magawo 4 a magazi pa limodzi. Sichingalowe m'malo mwa cha buluu.

Chofiira ndi chachikasu

Awa ndi a seramu: zoyeza impso, chiwindi, michere ya m'thupi, mahomoni, chindoko, hepatitis B ndi zina zambiri. M'mbali mwa machubu apulasitiki mumakhala fumbi la silika lofulumizitsa kuundana, ndipo kuti ligwire ntchito chubu chimatembenuzidwa ka 5. Chachikasu chili ndi jelo pansi. Kulemera kwa jeloyo kuli pakati pa kwa maselo ndi kwa seramu, ndiye pozunguza imakwera n'kukhazikika pakati ngati khoma, maselo pansi, seramu pamwamba.

Chachikasu chiimikidwe mphindi 30 kuti magazi aundane mokwanira, chofiira chopanda jelo mpaka mphindi 60, ndipo kwa amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana zimatenga nthawi yoposerapo. Changu apa chimapweteketsa. Chubu chozunguzidwa msanga chimapitiriza kupanga fibrin mu seramu, ndipo timaulusito timatseka kasingano koyamwira ka makina kapena kuchititsa kuti kayamwe seramu yochepa popanda wozindikira. Kuzunguza kwake ndi mphindi 10 pa mphamvu ya 1,100 mpaka 1,300 g, kapena monga wopanga chubucho walembera. Nambala ya g (mphamvu ya kuzunguza) ndi yosiyana ndi ya rpm (maulendo ozungulira pa mphindi), chifukwa zimatengera kukula kwa sentirifujiyo, ndiye labu iliyonse iyenera kudziwa rpm yoyenera makina ake. Chubu cha jelo sichizunguzidwa kawiri. Kachiwiriko kamafinya madzi amene akhala ndi maselo kunsi kwa jelo, odzadza ndi potaziyamu, n'kuwakweza mu seramu yabwino ija. Jelo imathanso kuyamwa mankhwala ena monga phenytoin chubu chikakhalitsa, ndipo siyoyenera pa cross-match, kuyeza ngati magazi oti aperekedwe akugwirizana ndi a wodwala. Kumeneko tsatirani chubu chimene blood bank yanu imalandira, kaya cha EDTA kapena chofiira chopanda jelo.

Chubu chobiriwira chili ndi heparin, kawirikawiri ya lithium, pafupifupi mayuniti 17 pa mililita. Iyo sikhudza kashiyamu. Imalimbikitsa antithrombin kuti atsekereze thrombin. Phindu lake ndi changu, chifukwa palibe kudikira mphindi 30, chubu chimazunguzidwa nthawi yomweyo, zimene zimathandiza odwala mwakayakaya. Chitembenuzeni ka 8 mpaka ka 10. Musayezeremo mlingo wa lithium ngati heparin yake ndi ya lithium, kapena sodiyamu ngati ndi ya sodiyamu. Filimu yopangidwa ndi magazi a heparin imatuluka ya buluu ponseponse, ndipo heparin imalepheretsa PCR, njira yoyezera viral load, kotero viral load siitengedwa m'chubu chobiriwira.

Shuga amene amatha m'njira

Maselo a m'chubu amakhala amoyo ndipo amapitiriza kudya shuga, magawo 5 mpaka 7 pa 100 pa ola lililonse. Kukatentha amadya mofulumirirapo, chimodzimodzi ngati maselo oyera ali ambiri kapena magazi ali a khanda. Munthu amene shuga wake wa m'mawa asanadye ndi 7.4, magazi ake akakhala maola awiri m'chubu wamba osazunguzidwa, afika ku labu ali pafupifupi 6.5. Malire a matenda a shuga ndi 7.0. Munthuyo auzidwa kuti sanafike pa matendawo pamene wafika kale.

Chubu chotuwa chinapangidwira vuto limeneli. Muli sodium fluoride amene amatseka enolase, imodzi mwa ma enzayimu amene maselo amaphwanyira shuga, pamodzi ndi potassium oxalate kapena EDTA yoletsa kuundana. Koma dziwani kuti fluoride sagwira pompopompo. Enolase ili chakumapeto kwa ndondomeko yophwanyira shuga, ndiye pa ola loyamba kapena awiri shuga amatsikabe ndithu, kenako amakhazikika mpaka masiku atatu. Chubu chotuwa chimathandiza pa ulendo wautali, koma kuchifikitsa msanga ku labu kumafunikabe. Lactate amatengedwanso m'chubu chomwechi, chimodzimodzi shuga wa m'madzi a pamsana poyeza meninjaitisi. Potaziyamu, sodiyamu ndi ma enzayimu asayezedwe m'menemu.

Mabotolo a blood culture ndi osiyana ndi onsewa chifukwa cholinga chake n'kulera tizilombo. Muli msuzi wodyetsa mabakiteriya ndi mankhwala otchedwa SPS, amene amaletsa kuundana komanso kufooketsa chitetezo cha m'magazi kuti chisaphe tizilomboto m'botolomo. Ku Blantyre ntchitoyi ili ndi mbiri, chifukwa pulogalamu ya Malawi-Liverpool-Wellcome yakhala ikuyeza magazi a odwala a ku Queen Elizabeth Central Hospital (Gulupu) motere kuyambira 1998, ndipo ndi mabotolo amenewa amene anaonetsa kuchuluka kwa taifodi mumzinda muno kuyambira 2011. Tizilombo timakhala tochepa kwambiri m'magazi a munthu wamkulu, nthawi zina kamodzi pa mililita kapena kucheperapo, ndiye kuchuluka kwa magazi ndiko kumapezetsa matenda: mamililita 8 mpaka 10 pa botolo la akulu, 1 mpaka 3 kapena 4 pa la ana malinga ndi mtundu wake. Khungu litsukidwe bwino ndi chlorhexidine kapena ayodini, liume, ndipo chala chisabwererenso pamalopo kukafufuza mtsempha. Labala wa pabotolo apukutidwe ndi sipiliti. Magazi atengedwe mankhwala opha mabakiteriya monga ceftriaxone asanabayidwe. Botololi silipita mufiriji.

Ndondomeko ya katengedwe

Nsonga ya singano imene imaboola zotsekera imanyowa ndi za m'chubu chilichonse, n'kupititsa pang'ono m'chotsatira. Ndondomeko yovomerezeka inakonzedwa kuti zotengekazo zisawononge: mabotolo a culture poyamba kuti asadetsedwe, kenako buluu, kenako chofiira kapena chachikasu, kenako chobiriwira, kenako pepo, chotuwa pomaliza. Buluu amatsogola chifukwa silika wa m'chachikasu angafupikitse nthawi ya kuundana ndipo heparin angaitalikitse. Pepo ndi chotuwa zili kumapeto chifukwa zonse zili ndi potaziyamu ndipo zimagwira kashiyamu. Mkono wa wodwala uloze pansi, chubu chikhale mmunsi mwa singano, kuti magazi a m'chubu asabwerere kukhudza nsongayo.

Nthawi zambiri kwathu kuno magazi amatengedwa ndi sirinji, ndipo ndondomeko yothirira m'machubu ndi yomweyo. Chosiyana n'chakuti magazi a mu sirinji alibe mankhwala, ayamba kale kuundana, ndiye pasakhale kuzengereza. Chubu chiimikidwe pa rakisi, chisagwiridwe m'dzanja pamene singano ikuloza chala. Singano ikaboola, lekani chubu chikoke chokha. Kukankha pulanja kumaswa maselo, kumadzadzitsa chubu mopitirira, ndipo kungathe kufwamphula chotsekera magazi n'kuthovokera kumaso. Ngati chubu chilibe mphamvu yokoka, chotsani singano mosamala, tsegulani chotsekera, magazi atsetsereke pang'onopang'ono m'mbali mpaka pamzere.

Pobaya chala kapena chidendene cha khanda ndondomeko imatembenuka. Pabala laling'onolo mapulateleti amayamba kuunjikana nthawi yomweyo, choncho kachubu ka EDTA kamatsogola, kenako tina ta mankhwala, ka seramu pomaliza. Dontho loyamba lipukutidwe, kubaya pachidendene kukhale cham'mbali ndipo kusapitirire mamilimita 2, komanso osafinya mwamphamvu chifukwa madzi a m'minofu amasungunula magazi. Khanda la makilogalamu 2 lili ndi magazi osapitirira mamililita 200 thupi lonse. Timachubu ta theka la mililita tinapangidwira ana otere, ndipo kuwatenga magazi a chubu cha akulu tsiku ndi tsiku kumawathera magazi.

Zotsatira zambiri zolakwika zimachokera pa kusweka kwa maselo ofiira. Seramu imene imayenera kuoneka ngati udzu wouma imatuluka yofiirira. M'maselo ofiira muli potaziyamu woposa wa mu pulazima ka 20 ndi kupitirira, komanso ma enzayimu a LDH ndi AST ambiri, ndipo zonsezi zimakhuthukira mu seramu. Zoyambitsa zake n'zodziwika: singano yopyapyala kwambiri ngati 25G pamene yoyenera akulu ndi 21G, kukoka pulanja mwamphamvu mpaka thovu, kubaya sipiliti asanaume pamene amafuna masekondi 30 okha, kutenga magazi pa kanyula, ndi kukhutchumula chubu. Lamba womanga mkono asapitirire mphindi imodzi, chifukwa akakhalitsa madzi amatuluka mumtsempha, mapuloteni ndi kashiyamu n'kuoneka okwera. Wodwala afumbate dzanja kamodzi. Kufumbata n'kutambasula mobwerezabwereza kumakweza potaziyamu ngakhale maselo asanasweke. Mkono wa diripi ndi wopewa. Magazi otengedwa kumtunda kwa diripi ya dextrose amaonetsa shuga wa 30 kapena 40 ndi himogulobini yotsika mwadzidzidzi. Tengani mkono winawo, ndipo ngati sizitheka, imitsani diripi kwa mphindi zosachepera 2 n'kubaya kumunsi kwake.

Ulendo wopita ku labu

Zitsanzo zochokera ku Mpemba, ku Chileka kapena ku Lunzu zimayenda pa njinga yamoto, ndipo msewu ndi dzuwa zimachita zake. Ambiri amaganiza kuti firiji imateteza chilichonse. Kwa magazi osazunguzidwa ofuna kuyeza potaziyamu, kuzizira kumaimitsa timapampu ta pakhungu la maselo timene timasunga potaziyamu mkati, ndiye amatayikira kunja n'kukwera. Kutentha kwambiri poyamba kumatha kumutsitsa, chifukwa maselo amamumeza mwachangu. Njira yodalirika n'kulekanitsa seramu kapena pulazima ndi maselo pasanathe maola 2, kenako n'kuziziritsa zolekanitsidwazo pa madigiri 2 mpaka 8. Mu bokosi lozizira, machubu a magazi athunthu asagundane ndi ayisi paki, chifukwa maselo akaundana ndi chisanu amasweka onse.

Magazi a CD4 amasungidwa pa kutentha kwa m'chipinda, osati mufiriji. Full blood count imakhala bwino ikayezedwa pasanathe maola 6, ndipo filimu ipangidwe mkati mwa ola limodzi kapena awiri, chifukwa EDTA ikakhalitsa imasintha maonekedwe a maselo oyera ndi a tizilombo ta malungo. Pulazima ya viral load imalekanitsidwa mkati mwa maola amene makina ake amalola, ambiri pakati pa 6 ndi 24, ndipo kuvuta kwa zimenezi ndiko kunachititsa kuti makhadi a DBS, odonthezapo magazi n'kuwaumitsa, afale m'zipatala zakutali. Khadi nalo lili ndi malamulo ake: bwalo lililonse lidzadze, khadi liume mogona pamthunzi kwa maola osachepera 3 kapena 4, kenako lilowe m'kathumba kokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Bilirubin, imene imayezedwa pa matenda a chikasu, imawonongeka ndi kuwala, ndiye chubu cha khanda la chikasu chikulungidwe ndi pepala kapena foyilo.

Mitundu yonse yatchulidwayi ndi ya machubu ofala kwambiri kuno, koma si makampani onse amene amaitsatira. Pa machubu a Sarstedt a ku Ulaya, chotsekera chofiira ndi EDTA, chobiriwira ndi citrate, cha olenji ndi heparin, chachikasu ndi fluoride. Popeza katundu wa m'zipatala zathu amachokera kosiyanasiyana, wina wogula wina wa thandizo, katoni yatsopano ikafika werengani zolembedwa pachubu: K2E kapena K3E ndi EDTA, 9NC ndi citrate wa kaundanidwe, 4NC ndi wa ESR, LH ndi lithium heparin, FX kapena FE ndi fluoride, CAT ndi chofulumizitsa kuundana. Munthu wozolowera kuti chofiira ndi seramu akhoza kutumiza EDTA kukayeza impso ali ndi mtima wonse kuti wachita bwino.

Kulemba pachubu kumachitika pambali pa bedi, magazi atangotengedwa, wodwala akuona. Osalemberatu machubu a anthu asanu n'kuyenda nawo m'thumba, ndiponso osapita nawo opanda dzina ku tebulo la anamwino kuti mukalembere kumeneko. M'wodi imodzi a Banda ndi a Phiri amakhalamo angapo, ndipo nambala ya bedi imasintha usiku umodzi. Funsani kuti "Bambo, dzina lanu lonse ndani?" kapena "Mayi, mwanayu dzina lake ndani, anabadwa liti?" kuti atchule okha, chifukwa munthu wodwala kapena wosamva bwino amavomera dzina lililonse limene mwamutchulira. Yerekezani ndi buku lake la kuchipatala ndi fomu, kenako lembani dzina lonse, nambala, tsiku, nthawi ndi dzina la wotenga. Pa cross-match, chubu chosalembedwa kapena chosiyana ndi fomu ngakhale chilembo chimodzi sichikonzedwa ndi cholembera pa kauntala ya labu. Wodwalayo amatengedwanso magazi ena, m'chubu chatsopano, cholembedwa pomwepo pabedi pake.